Njinga Yokulungidwa M'bulangete

Mayfair, Joni
8 Seputembala 1996

Okondedwa achemwali anga a Flora,

Ndikhulupirira nonse muli bwino ku Domasi: inu, amayi, akazi anga a Rabecca ndi kamwana kanga Jessica. Ine kuno ndili bwino, kungoti chisanu cha chaka chino chinatsala pang'ono kundithyola zala. Chandisunga ndi bulangete lija amayi anandigulira pa Songani, ngakhale anzanga amaseka chigamba cha chitenje chimene anasokerera pakona.

Nkhani ndi iyi, ndipo muwerenge mutakhala pansi. Pa Khrisimasi ndikubwera, koma osati wapansi. Zaka ziwiri ndakhala ndikukonza njinga zamoto za eni ake pa galaja pano, manja bii, tsopano nane ndikufuna yanga. Abwana ali ndi ziwiri zoyendapo kale zimene andilola kusankhapo. Zonse ndi zapakatikati: si zimphona za mpikisano zija, komanso si tinjinga ta alangizi a zaulimi tolira ngati udzudzu. Kuno amazitchula kuti zamaliseche chifukwa zilibe mapulasitiki ophimba, injini yonse ili pambalambanda. Dzinali musawauze amayi, angakandineneze kwa akulu a mpingo.

Ina ndi Yamaha yofiira, ya injini ya 600, ya masilinda anayi. Achemwali, ikalira imeneyo munthu umaiwala dzina lako. Inayo ndi Suzuki yabuluu, ya 500, masilinda awiri. Ndi yopepukirapo, siimwa petulo kwambiri, ndipo makaniko aliyense wa pansi pa mtengo ku Zomba angathe kuimasula n'kuimanganso. Mutu wanga ukuti yabuluu, koma mtima ukukana.

Ndikatenga yabuluu, ndiikweza pa ngolo yokokedwa ndi galimoto ya a Sefu, amene amanyamula katundu wa Amalawi kupita ku Blantyre, ine n'kubwera pa basi. Ndikatenga yofiira ndiye ndibwera nayo ndekha, kudzera ku Harare, Tete mpaka Mwanza. A Sefu akuti siingakwane pakati pa mafiriji a anthu, ndipo ngakhale ikanakwana, njinga yotere siikwezedwa ngati mbuzi.

Mundiuze maganizo anu, poti ndinu aphunzitsi. Mundiuzenso ngati mlatho wamatabwa wa kumunsi kuja anaukonza.

Ndine mlongo wanu,
Makaiko


Domasi
29 Seputembala 1996

Achimwene,

Kalata yanu inafika Lachinayi. Tonse tili moyo. Jessica wayamba kutchula mayina a nkhuku zonse, lanu lokha ndiye sakulidziwa. Mlatho sanaukonze, matabwa awiri anapita ndi madzi a chaka chatha.

Munati ndiwerenge nditakhala pansi, koma amene anafunika kukhala pansi ndi amayi. Ndinawawerengera kawiri. Za maliseche zija sanaseke. Nditafika pa mawu akuti Tete anandiimitsa, anadzuka, n'kulowa kuchipinda. Ndinawapeza ataima pafupi ndi sutukesi ya achimwene a Stewart.

Inu munali kusukulu yogonera nthawi imeneyo, ndiye mwina mumangoidziwa ngati nkhani. Ine ndinalipo. Achimwene athu aakulu atafera ku mgodi, mthenga sanabwere, telegalamu sinabwere. Kunabwera amuna awiri osawadziwa atanyamula sutukesi. Anavula zipewa, anaiika pakhonde, n'kuti, "Katundu wa a Stewart uyu." Basi. Amayi anamva okha. Zaka khumi zapita, koma mlendo akaima pabwalo ndi katundu m'manja, amayi amagwira chitseko.

Mwapempha maganizo anga, ndiye nawa. Yofiira yanuyo muyenda nayo kuti? Kuchokera pamsewu wa tala kufika kuno ndi matope okhaokha mvula ikayamba. Masilinda anayiwo adzawatsuka fumbi ndani, ine? Ngati ndi njinga yoti muziyendera ku Malosa ndi ku Liwonde kukakonza za anthu, monga munkanenera, tengani yabuluu ikwere ngolo. Ngati ndi yoti atsikana a pa Songani azikutembenukirani, kumbukirani kuti muli pabanja.

Amayi akuti ndilembe kuti iwo sakufuna njinga, akufuna mwana. Akutinso ngati m'thumba muli kangachepe, muike patsogolo feteleza, mvula ili pafupi.

Mlongo wanu,
Flora


Mayfair, Joni
20 Okutobala 1996

Achemwali,

Moni nonse. Ya feteleza ndatumiza ndi munthu wa ku Namwera, asiya kusukulu kwanu.

Kalata yanu ndaiwerenga, ndipo ndamva mawu anu enieni, aja munkandikalipira nawo ndikakwera mtengo wa mango. Koma achemwali, a Stewart anafera pansi pa nthaka, ine ndikuyenda pamwamba. Nkhondo ya ku Mozambiki inatha kalekale, malole akudutsa pa Tete tsiku lililonse. Mnzanga amene ndimagona naye chipinda chimodzi, a Abdulkarim, wadutsapo kasanu ndipo miyendo ali nayo yonse.

Lamulungu lapitali abwana anandilola kuyesa zonse ziwiri. Yabuluu ilibe mlandu. Imadzuka msanga, imamvera, pokhota imangokhota ngati ikudziwa kumene ukupita. Koma ukaithamangitsa pamsewu waukulu imanjenjemera m'manja, ndipo lole likakudutsa mphepo imakukankha. Yofiira siitekeseka. Ndinaitsegula pang'ono chabe, mitengo ya magetsi inangosanduka mpanda. Ndivomere, ndinachita mantha, koma anali mantha okoma.

Mukudziwa mmene ndinachokera kumudziko. Ndinachoka ndi nsapato zobwereka, anthu akunong'onezana kuti mwana wa mayi wamasiye uja akangokhala wosesa m'misewu. Ndikufuna tsiku limodzi lokha loti anthu omwewo atuluke m'nyumba atamva kulira kwa injini yanga. Kodi n'kulakwa?

Ndiye ndatsimikiza, ndi yofiira. Ndanena kale kwa abwana. Ndinyamuka Loweruka pa 30 Novembala, ndigona kawiri kapena katatu panjira, Lachiwiri pa 3 Disembala mudzandimva ndisanafike. Chisoti ndili nacho, jekete yachikopa ndili nayo. Amayi muwauze asunge tambala.

Makaiko


Domasi
10 Novembala 1996

Achimwene,

Moni sindikhalitsapo, tili moyo. Ya feteleza inafika, zikomo.

Kalata yanu ndinaibisa masiku atatu. Amayi anaipeza okha m'Baibulo langa, n'kupita nayo kwa a Rabecca kuti awawerengere. Chiyambire tsiku limenelo sali bwino. Mutu ukuwapweteka kumbuyo kuno, ndipo kuchipatala ati magazi akuthamanga kwambiri, asamaganize zinthu. Ndinaseka. Munthu amene mwana wake akufuna kudutsa mayiko atatu pa matayala awiri asamaganize zinthu!

Alangizi akadutsa ndi kanjinga kawo kaja mumakanyoza, amayi amaponya khasu n'kuima njo mpaka phokoso lithe. Sabata yatha, pa msewu wa ku Liwonde, lole linagunda munthu wa njinga yamoto. Sitikumudziwa. Ine ndinali m'minibasi pochokera ku Zomba, ndinaona nsapato imodzi pakati pa msewu, ndi anthu akuthyola masamba oti amufunditse. Sindinawauze amayi, koma amayi a chigwirizano anawauza zonse, mpaka mtundu wa nsapatoyo.

Ukunena za anthu oti atuluke m'nyumba. Adzatuluka, Makaiko. Anatulukanso tsiku la sutukesi lija, mudzi wonse. Ndakuyankhula ndi ulemu zaka zonsezi poti ndiwe bambo wa mwana, koma lero ndikuti iwe, chifukwa ndinakubereka kumbuyo ine, ndipo ndikuopa. Ndikuopa maenje a msewu wa Tete, ndikuopa malole, ndikuopa mvula, ndikuopa kuti ukagwa kutchire kumene palibe wodziwa dzina lako. Koposa zonse ndikuopa kuti amayi sangathe kupirira kachiwiri.

Tenga yabuluu, uikweze pa ngolo. Anthu akafuna kuseka aseke, ine ndiwayankha, pakamwa ndili napo.

Sindikudziwa ngati kalatayi ikupeza usananyamuke. A Rabecca aikamo kapepala kawo.

Flora


Bambo a Jessica,

Moni. Ine ndili bwino ndi mwana. Chimanga tadzala theka, mpunga tifesa mvula ikakhazikika. Za njinga ine sindidziwa kusiyana kwake. Poyamba ndinkafuna yofiira kuti anzanga aone, musawauze alamu. Koma pano ndikamva galimoto yaima kumsewu ndimaopa kuti yabwera ndi uthenga woipa. Bwerani ndi iliyonse, kapena musabwere ndi kanthu. Malo anu pamphasa alipo.

Ndine akazi anu,
Rabecca


Domasi
6 Disembala 1996

Kwa bambo Abdulkarim,

Pepani kukulemberani musakundidziwa. Ine ndine Flora, mlongo wake wa Makaiko amene mumagona naye chipinda chimodzi. Ndalemba pa keyala yake poti ina ndilibe, ndipo nambala ya foni ya ku galaja sanatipatsepo.

Mchimwene wanga anatilembera kuti anyamuka pa 30 ndi njinga yake yofiira ndipo afika Lachiwiri. Lachiwirilo tinamudikira. Amayi anapha tambala m'mawa, n'kukakhala pansi pa mtengo wa mango kuyang'ana kumsewu mpaka mvula inawathamangitsa. Sanafike.

Lachitatu masana kunabwera galimoto yaing'ono ya matola, amuna awiri osawadziwa. Anatsitsa njinga yamoto yokulungidwa yonse m'masaka ndi m'bulangete, yomangidwa zingwe, matayala okha akuonekera. Pamwamba anamangirirapo chisoti ndi jekete yachikopa. Anaikankha mpaka pakhonde. Poona amayi anavula zipewa, mmodzi n'kuti, "Katundu wa a Makaiko uyu."

Ndinawafunsa kuti, "Nanga eni ake ali kuti?"

"Ife sitikudziwa, mayi," anatero. "Eni akewo sitinawaone. Tangotumidwa kuchokera ku Blantyre kuti tidzatule pano."

Amayi anayandikira, anagwira pakona pa bulangete, n'kupeza chigamba chimene anasoka okha. Anangoti, "Ndiye ameneyu," n'kugwa pomwepo. Pamene tinkawanyamula, amuna aja anali atapita, ndipo palibe anaganiza zowafunsa kumene tingawapeze.

Amayi ali kuchipatala, mbali imodzi yafa, sakuyankhula. Kuno anthu asonkhana, akugona pabwalo, nyimbo zikuimbidwa. A Rabecca akungolira. Njingayo ili pakhonde monga anaisiyira. Kwathu kuno katundu wa malemu samasulidwa mpaka mwini mbumba atafika, ndipo amalume athu ali ku esiteti ku Thyolo, tatumako munthu. Dzulo ndinagwira chingwe kuti ndimasule, amayi achikulire anandimenya dzanja. Kunena zoona, nanenso ndinapepukidwa, chifukwa ndinkaopa kupeza magazi.

Bambo, ndikukupemphani m'dzina la Mulungu amene tonse timamupembedza. Ngati mukudziwa, tiuzeni anagwera pati. Ndani anatola njingayi? Thupi lili dziko liti? A Stewart, mchimwene wathu wina, anaikidwa kumene sitinafikeko. Uyu yekha timufuna kuno, ngakhale atakhala mafupa.

Ine,
Flora


Kalata imene inali yomatidwa pa thanki ya njinga, mkati mwa bulangete

Mayfair, Joni
27 Novembala 1996

Amayi anga okondedwa, achemwali, ndi inu mayi a Jessica,

Ndikudziwa kuti pamene mukuwerenga kalatayi mwaseka kale, chifukwa mwavundukula bulangete n'kupeza kuti ndi yabuluu. Inde, mwapambana. Aphunzitsi apambana.

Kalata yanu, achemwali, inafika Lolemba, nditamanga kale chikwama. Ndinaiwerenga nditaima pafupi ndi yofiira ija. Mawu oti iwe aja anandilowa ngati munga. Kenako kapepala ka mayi a Jessica kanamaliza ntchito. Ndinapita kwa abwana n'kuwauza kuti ndasintha. Anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndachita mantha. Ndinati inde, koma si mantha anga, ndi a amayi anga. Anati amenewo ndiye oyenera kuwamvera.

Yofiira ija yagulidwa dzulo lomwe ndi mnyamata wina wa ndolo kukhutu. Ndinaiyang'ana mpaka inakhota. Musandifunse, zinandiwawa.

Sindinaponye kalatayi ku positi chifukwa ikanatenga masabata atatu, pamene a Sefu akunyamuka mawa ndipo afika masiku asanu okha. Mwaona nzeru? Njinga yasanduka mtengamakalata. Ndawauza a Sefu kuti akufotokozereni pakamwa, koma mwina ku Blantyre adzapatsira anyamata awo, ndiye ndamata pathanki pomwe kuti musaiphonye. Ndaifunditsa bulangete langa kuti mafiriji asaikande, ndiponso kuti isafike pamaso pa amayi ili maliseche. Kuno kwatentha tsopano, ndigona ndi nsalu. Chisoti ndi jekete ndatumiziratu poti m'basi ndi katundu chabe.

Poti sindikuyendanso ulendo wautali uja, abwana apempha kuti ndigwire mpaka pa 19. Ndikwera basi pa 20, ndifika ku Blantyre pa 22, ndidzera kwa a Sefu kutenga makiyi. Jessica asakwerepo, ingamugwere.

Amayi, tsopano mtima ukhale m'malo. Mwana wanu akubwera atakhala pampando ngati nkhalamba, zenera lotseka. Tambala uja adikire pang'ono.

Wanu womvera, kamodzi kokha,
Makaiko


Domasi
11 Disembala 1996

Achimwene anga,

Kalatayi ndikaisiya ndekha kwa a Sefu ku Blantyre, kuti akupatseni pamodzi ndi makiyi mukangotsika basi. Ndawapeza pa foni kudzera kwa amwenye a ku Limbe. Muwapemphe mpando musanapitirize.

Njinga inafika Lachitatu pa 4, tsiku limodzi chidutsireni tsiku limene munati mufika nokha. A Sefu anatsala ku Mwanza ndi mapepala a katundu wina, ndiye anyamata awo ku Blantyre anatumiza anthu a matola amene sankadziwa chilichonse. Anaitula pakhonde, anavula zipewa, n'kunena mawu omwe aja a tsiku la sutukesi. Amayi anazindikira bulangete lanu. Anagwa.

Tinakulirani, achimwene. Masiku asanu ndi limodzi tinakulirani, kalata yanu ili pakhonde pomwepo, mkono umodzi kuchokera pamene a Rabecca ankagubuduka. Tinkaidutsa polowa ndi potuluka. Mvula ikamagwa tinkaifunditsanso pepala la pulasitiki kuti katundu wa malemu asanyowe. Palibe anamasula, poti amalume anali asanafike.

Amayi anatisiya Loweruka pa 7, dzuwa likupendeka. Sanayankhulenso chigwereni, koma dzanja lamoyo lija linkangofufuza pakona pa nsalu ya kuchipatala. Amalume anafika Lamulungu. Tinawaika Lolemba pafupi ndi abambo. Anthu amene anasonkhanira inu ndi omwe anawaperekeza, nkhuni zomwezo, nyimbo zomwezo.

Dzulo m'mawa amalume anaitana mbumba, anapemphera, n'kudula zingwe. Ine ndinayang'ana kumbali poopa magazi. Ndinangomva a Rabecca akukuwa kuti, "Ndi yabuluu! Alamu, ndi yabuluu!" Anthu ena sanamvetse, anayesa mutu wawasokonekera. Ine ndinamvetsa zonse, kalata yanu isanatsegulidwe n'komwe. Yabuluu ndi yokwera ngolo, munanena nokha.

Ndinaiwerenga mokweza pamaso pa onse. Pamene mwalemba kuti aphunzitsi apambana, ndinaipereka kwa amalume, anamaliza ndi iwo. Amayi ena anayamba nthungululu, kenako anakumbukira manda a dzulo n'kutseka pakamwa. Sindinaonepo anthu osowa chochita ndi nkhope zawo ngati tsiku limenelo.

Musadziimbe mlandu. Munamvera, ndipo palibe mwana akanachita zoposa apo. Ngati pali woti aganize, ndi ine. Ndimaphunzitsa ana a eni kuti asamayankhe asanawerenge funso, koma ndinagwira chingwe chija n'kuchisiya. Amayi anakhala moyo masiku atatu kuchipatala, makutu akumva. Ndikanangokweza kona imodzi ya bulangete, ndikanathamanga kukawanong'oneza mawu amodzi okha, oti yabuluu. Akanamva.

Amalume anafuna kuti tikutumizireni telegalamu. Ndinakana, ndipo tinakangana. Ndimakudziwani. Mukanabwereka njinga ina iliyonse pa galajapo n'kuuyamba wa ku Tete muli ndi misozi m'maso. A Abdulkarim akalandira kalata yanga yofunsa za thupi lanu, mwina mudzakhala mutanyamuka kale, ndipo ndikupemphera kuti zitero.

Njinga yanu ili bwino, ilibe pokandika ngakhale pamodzi. Bulangete ndachapa ndasunga. Jessica wayamba kutchula dzina lanu, waliphunzira kwa anthu olira.

Mukawerenga izi musalowe minibasi yoyamba imene mwaiona, zija zothamangitsana pa msewu wa Zomba. Idyani kaye. Dikirani basi yaikulu, ngakhale ichedwe. Mukatsika pa siteji mudzandipeza, tidzayenda wapansi, tidzadzera kumanda.

Bwera pang'onopang'ono, Makaiko. Palibenso amene wakhala pansi pa mango kuyang'ana kumsewu.

Mlongo wako,
Flora